Matayala akuluakulu pa 4x4: zimene mumapeza ndi zimene mumalipira

Pansi pa Land Cruiser kapena Hilux pali malo amodzi otsika kuposa ena onse, ndipo ndi difu ya kumbuyo, chibulunga cha magiya chimene chili pakati pa ekiselo yolumikiza mawilo awiri a kumbuyo. Galimoto ikakanika kuyenda m'nyengo ya mvula, kawirikawiri vuto silikhala mphamvu ya injini. Malole amakhala atakumba mizere iwiri yakuya mumsewu n'kusiya chimzere cha dothi pakati, ndiye difu ikakhala pachimzerepo matayala amangozungulira m'malere. Mutha kuika masipuling'i aatali, mutha kukweza bodi yonse, koma difu ya kumbuyo ikhalabe pomwe inali. Chimene chimaikweza ndi tayala basi.

Ichi ndicho chifukwa chomveka choikira matayala akuluakulu. Ena amangofuna kuti galimoto izioneka yamphamvu, ndipo palibe mlandu. Koma kaya cholinga ndi chiti, tayala ndi mbali ya magiya, ndi mbali ya mabuleki, ndi mbali ya chiwongolero. Mukalisintha mwasintha zonsezo tsiku lomwelo, ndipo wogulitsa matayala sakhala ndi nthawi yokuuzani.

Tiyambe ndi manambala a pambali pa tayala, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Pa 265/70R16, nambala yoyambayo ndi m'lifupi mwa tayala, mamilimita 265. Yachiwiri ikunena kutalika kwa khoma la tayala kuchoka pa limu kufika pansi, ndipo ndi 70 peresenti ya m'lifupimo, kutanthauza mamilimita 185.5. Yomaliza ndi kukula kwa limu, mainchesi 16, omwe ndi mamilimita 406. Makoma awiri kuphatikiza limu zikupereka mamilimita 777, pafupifupi mainchesi 30.6. Tayala la 285/75R16, limene anthu amangoliti 33 potengera kutalika kwake m'mainchesi, ndi lotalika mamilimita 834. La 315/75R16, lotchedwa 35, ndi 879. Ku America amakondanso kulemba mwachindunji, monga 35x12.50R17, pomwe nambala yoyamba ndi kutalika kwa tayala lonse m'mainchesi. Mukaliyeza ndi tepi litanyamula galimoto mudzapeza kuti ndi lalifupiko kuposa zolembedwazo.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Difu imakwera ndi theka lokha la kutalika kumene mwawonjezera, popeza theka linalo lili kumtunda kwa ekiselo. Kuchoka pa 777 kupita pa 834 difu yakwera mamilimita 28, osakwana masentimita atatu. Kupita pa 35 yakwera masentimita asanu. Sindikuwanyoza masentimitawo. Amene anagonapo m'galimoto pamsewu wa Rumphi kupita ku Chelinda chifukwa difu yakhala pa dothi amadziwa mtengo wake. Komanso tayala lalitali limakwera mwala kapena mphepete mwa dzenje mosavutikira, ndipo mukachotsako mpweya limagona pansi motalika kuposa lalifupi. Phindu lilipo ndithu. Kungoti ndi lochepa, ndipo liyenera kuikidwa pambali pa mtengo wake.

Mtengo woyamba uli m'magiya. Injini imazunguza ekiselo ndi mphamvu yomweyo ya kale, koma tsopano mphamvuyo ikufika pansi kudzera pa tayala lalitali, ndiye imafika itachepa. Zili ngati wa kabaza amene akukwera chitunda njinga ili mu giya yolemera: miyendo ndi yomweyo, koma pedulo ikukana. Pa 33 uja galimoto imataya pafupifupi 7 peresenti ya mphamvu yokankhira pansi, mu giya iliyonse, kuyambira yoyamba. Pa 35 imataya pafupifupi 12 peresenti. Difu imene inali ya 4.10 imayamba kuchita ngati ya 3.62 (iyi ndi nambala ya magiya a m'difu: ikatsika, mphamvu yokankhira pansi imatsikanso).

Pa galimoto ya injini yaikulu ya dizilo yokhala ndi turbo, 7 peresenti mungaipirire. Pa injini zakale zopanda turbo, zimene ndi kale lomwe zimakwera mapiri mwaulemu, mudzaimva pa chitunda choyamba. Wa giya ya pamanja amayamba kupondereza kilatchi nthawi yaitali ponyamuka, makamaka atanyamula katundu kapena akukoka ngolo, ndipo kilatchi sichedwa kupsa. Ya otomatiki imangosinthasintha magiya pamsewu wa tala, kukwera kutsika, mafuta a m'giyabokosi n'kumatentha. Ngakhale low range, giya ya mphamvu yoyendera pang'onopang'ono pamalo ovuta, imene munagulira galimotoyo, imafooka: potsika phiri la miyala galimoto imathamanga kuposa kale ndipo mumakakamizika kuponda buleki pamalo pomwe injini ikanaigwira yokha.

Mankhwala ake ndi kusintha magiya a m'difu, crown wheel ndi pinion. Masamu ake ndi apafupi. Ngati tayala lakula ndi 13 peresenti, 4.10 iyenera kukhala cha m'ma 4.64, ndipo zimene zimapezeka pamsika pafupi ndi nambala imeneyi ndi 4.56 kapena 4.88. Ntchitoyi ichitike ku madifu onse awiri, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, pa nambala imodzi. Mukasintha imodzi yokha, tsiku limene mudzalowetse 4x4 maekiselo awiriwo adzayamba kukokana mpaka china chithyoke. Si ntchito ya pansi pa mtengo wa mango iyi ayi. Mano a magiyawo amafunika kukumana pa muyeso wake weniweni, ndipo difu yomangidwa mongoyerekeza imalira mwezi umodzi kenako n'kudya mano.

Spidomita nayo imayamba kunama. Iyo imawerenga kuzungulira kwa mawilo, sidziwa kuti tayala lakula. Pa 33, ikamaloza 100 ndiye kuti mukuyenda liwiro limene kale likanaloza 107. Pa 35 ndi 113. Makampani ambiri amaikonza kuti izinena mopitirirako pang'ono, choncho mbali ina ya bodzali imamezedwa, koma musadalire zimenezo pamaso pa apolisi a pamsewu okhala ndi kamera. Yerekezani ndi GPS ya mufoni pamsewu wowongoka. Makilomita nawonso amawerengeka ochepa: ikalemba 5,000 pa 33 mwayenda pafupifupi 5,360, ndiye tsiku losintha oyilo limakudutsani osadziwa. Powerengera mmene ikumwera mafuta kumbukirani zomwezi, apo ayi mudzaiona ngati ikumwa kuposa mmene ikumweradi. Kumwa kokha iwonjezera, chifukwa tayala ndi lolemera, lalikulu m'lifupi, ndipo galimoto yakwera ikulimbana ndi mphepo yambiri.

Tsopano nkhani imene imadya nthawi yambiri m'galaja: kodi likwana?

Tayala likhoza kukwana bwinobwino galimoto itaima pabwalo, mwiniwake n'kujambula zithunzi n'kutumiza pa WhatsApp. Kuima si mayeso. Wilo la kutsogolo limakhota kumanzere ndi kumanja, limakwera ndi kutsika, ndipo nthawi zina limachita zonse pamodzi, monga polowa m'ngalande mutakhotetsa chiwongolero mpaka pothera. Pamenepo ndi pomwe limakhula. Limayamba ndi pulasitiki ya mkati mwa madigadi ndi chikopa chotchinga matope, zimene mutha kudula kapena kutenthetsa n'kukankhira mkati. Kenako ngodya ya bampala. Pa galimoto zambiri za Toyota zokhala ndi IFS kutsogolo (wilo lililonse limakwera ndi kutsika palokha), monga Hilux, Fortuner ndi Prado, kuseri kwa wilo la kutsogolo kuli chitsulo chotuluka pa chasisi chimene bodi imakhalapo. Matayala a 33 nthawi zambiri amagunda pamenepo, ndipo anthu amachidula ngodya n'kuwotcherera chitsulo china chotseka. Kumeneko ndi kudula chasisi. Ngati mwaganiza zochita, apange ndi wowotcherera wodziwa, ndipo apake penti bwino kuti dzimbiri lisalowe.

Ambiri amakhulupirira kuti kukweza galimoto ndi masipuling'i kumathetsa kukhula. Kumathetsa theka lokha. Sipuling'i yaitali imasintha pomwe galimoto imapumira, koma sisintha pomwe wilo limakathera likakankhidwira m'mwamba. Mukagwera m'dzenje mwamphamvu galimoto itadzaza, wilo lidzakwera mpaka pa labala yoimitsa monga kale, ndipo tayala lalikululo lidzapeza madigadi ali pomwe anali. Njira zake ndi ziwiri: kutalikitsa labala yoimitsayo, zimene zimachepetsa mpata umene wilo limayendamo, kapena kudula madigadi kuti tayala lipeze malo. Anthu amaopa kudula chifukwa sikubwezeka, koma kwa galimoto yogwiradi ntchito m'tchire ine ndimaona kuti kudula pang'ono n'kukweza pang'ono n'kwabwino kuposa kukweza kwambiri. Galimoto yaitali imapendekeka msanga pamalo otsetsereka cham'mbali ndiponso pokhota mwadzidzidzi, ndipo zathu zambiri zimayenda ndi katundu padenga ndi anthu kumbuyo.

Pa IFS palinso malire ena. Difu ya kutsogolo inamangidwa ku chasisi, choncho mukakweza galimoto, timaekiselo ta CV, totumiza mphamvu kuchoka pa difu kupita ku mawilo, timagwira ntchito titapendekera pansi. Mpaka cha m'ma mamilimita 50 zambiri zimapirira. Kupitirira apo malabala a CV amang'ambika pafupipafupi, ma ball joint, mfundo zimene wilo limakhoterapo, amafika pothera, ndipo alainimenti imakana kubwerera m'malo pokhapokha mutagula mikono ina ya kumtunda yogwira wilo. Land Cruiser ya 70 ndi ya 80, Nissan Patrol zakale ndi Defender yakale zili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, ndipo n'chifukwa chake zimalandira matayala aakulu mosavutitsa kwambiri, ngakhale nazonso zikakwezedwa zimafuna kukonza caster, kupendekera kwa mzere umene wilo limakhoterapo, kuti zisamayende mozembazemba pamsewu.

Limu nalo lili ndi zonena. Tayala lililonse lili ndi m'lifupi mwa limu amene kampani inalola: 285/75R16 imafuna limu la mainchesi 7.5 kufika 9, pamene 235/85R16 imakhala pa 6 kufika 7.5. Ndiye pali offset, nambala yolembedwa ndi zilembo ET kuseri kwa limu, imene imanena mmene wilo lalowera mkati kapena kutulukira kunja. Kuchoka pa ET30 kupita pa ET0 ndiye kuti wilo latuluka mamilimita 30. Izi zimathandiza kuti tayala lalikulu m'lifupi lisakhule mkono wa kumtunda kapena chasisi, koma zimabweretsa lina: wilo lotuluka limazungulira mozungulira patali pokhota, ndiye limagunda kutsogolo ndi kumbuyo kwa madigadi kuposa kale. Mabering'i a mawilo amasenza katundu mopendekera, ndipo dzenje lililonse limagwedeza chiwongolero m'manja mwanu. Timbale tija tongoika pakati pa limu ndi habu, popanda mabawuti akeake, ndi toopsa, chifukwa manati amagwira mazinga ochepa. Ndipo tayala lotuluka kunja kwa madigadi limaponya miyala ndi matope kwa anthu. M'misewu yathu m'mphepete mumakhala ana a sukulu, amayi osenza mitolo ndi anjinga. Ikani zowonjezera madigadi kuti tayala liphimbike.

Limu lalikulu ndi tayala lalikulu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Malimu a mainchesi 20 okhala ndi khoma lalifupi ndi a m'tauni. Kutchire mukufuna khoma lalitali, ndiye limu la 16 kapena 17, malinga ngati likukwana pamwamba pa mabuleki.

Kulemera n'kumene kumawononga mwakachetechete. Tayala lobwera ndi galimoto pa pikapu wamba silifika makilogalamu 20. La 35 lolimba limafika 30 kapena kuposa, ndipo limu lachitsulo likuwonjezera pamenepo. Kulemera kumeneku kuli pansi pa masipuling'i, kumadumpha ndi bampu iliyonse ya msewu wa fumbi, ndipo mashoko ndi amene amalimbana nako mpaka kutentha n'kufooka. Kukuzunguliranso, choncho kumafuna mphamvu kuti kuyambe ndi mphamvu kuti kuime. Mabuleki ali ndi vuto lomwe lija la injini: chimbale cha buleki ndi chomwecho, tayala latalika, mphamvu yogwira pansi yachepa. Wotsika ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, kapena wotsika Chiweta atadzaza katundu, ayenera kudziwa kuti galimoto yake siimanso pa mtunda umene anazolowera. Zitsulo za chiwongolero, monga ma tie rod ndi steering rack, pamodzi ndi ma CV amatha msanga. CV imakonda kuthyoka pa nthawi imodzi yodziwika bwino: chiwongolero chili pothera, dalaivala waponda mafuta, wilo likuzungulira m'malere kenako n'kugwira pansi mwadzidzidzi. Tayala likakula, kugwirako kumakhala kwamphamvu, ndipo chitsulo ndi chomwe chimagonja.

Njira yabwino yoonera kukula kwa ntchitoyi ndi kuyang'ana zimene makampani eni ake amachita akafuna kugulitsa galimoto ya matayala otere. Ford Bronco ya Sasquatch imatuluka ndi matayala a 35, koma pamodzi ndi madifu a 4.70, mashoko ena a Bilstein ndi madigadi okwera. Jeep itatulutsa Wrangler ya Xtreme Recon mu 2021, pa matayala a 35 inawonjezera madifu a 4.56, inakweza galimoto ndi inchi imodzi ndi theka, n'kulimbitsanso chitseko cha kumbuyo chimene chimanyamula sipeya. Ranger Raptor imangokhala pa 285/70R17, amene ndi 33, komabe inafutukulidwa miyendo, inapatsidwa madigadi ena ndi mashoko a Fox. Palibe kampani imene inangomanga matayala n'kunena kuti zatha.

Kumene matayala akuluakulu ali kwawo kwenikweni ndi ku Iceland. Kumeneko anthu amayenda pamwamba pa madzi oundana a Langjökull ndi Vatnajökull ndi galimoto za matayala a mainchesi 38, 44 ngakhale 46. Amachotsa mpweya mpaka kutsala pang'ono zedi, pansi pa 5 psi pa geji ya mpweya, kuti tayala lifutukuke galimoto iyandame pa chipale chofewa m'malo momira. Kampani ya Arctic Trucks inayambira kumeneko mu 1990, mkati mwa wogulitsa Toyota wa m'dzikomo, ndipo mu 2007 ma Hilux amene inakonza ndi matayala a 38 anayenda pa nyanja youndana kumpoto kwa Canada. Isuzu D-Max AT35 imene imagulitsidwa ku South Africa ndi ku Britain ndi ya mapulani a kampani yomweyi. Galimoto za ku Iceland zimadulidwa madigadi kwambiri, zimasinthidwa magiya, zina zimasunthidwa ekiselo. Tayalalo likuyankha funso la dziko lawo, lomwe ndi chipale chopanda pansi polimba.

Funso la misewu yathu ndi lina. Taonani ma Land Cruiser a ambulansi ndi a mabungwe amene amafika kumidzi chaka chonse: ambiri amayenda pa 7.50R16 kapena 235/85R16, matayala aatali koma owonda. La 235/85R16 ndi lotalika mamilimita 806, kuposa 265/70R16, koma ndi lowonda ndi masentimita atatu, choncho silivuta kukwana ndipo sililemetsa chiwongolero. M'matope amene pansi pake pali dothi lolimba, tayala lowonda limadula n'kukagwira pansipo, pamene lalikulu m'lifupi limatsetsereka pamwamba. Limakwananso m'mizere imene galimoto zina zakumba. Lalikulu m'lifupi limapambana pamchenga wa kunyanja ndi m'dambo lopanda pansi. Pa makande a ku Chigwa cha Shire kapena a ku Luangwa, amene amamata tayala mpaka kusanduka chibulunga chosalala, chofunika kwambiri ndi mano otalikirana otha kudzitsuka okha, ndipo masiku ena ngakhale amenewo sathandiza kufikira dzuwa litawala. Mano oterowo ali ndi mtengo wake pa tala: phokoso, kutha msanga, ndi kugwira mofooka mvula ikagwa. Amene masiku ake ambiri ali pa M1 asankhe all-terrain, tayala la mano apakatikati loyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe.

Ndipo chinthu chimene chimapulumutsa anthu ambiri kuposa kukula kwa tayala n'chotchipa: geji ya mpweya ndi pampu yabwino ya magetsi. Tayala wamba lotsitsidwa kufika cha m'ma 1.2 bar pamchenga limadutsa pomwe lalikulu lopopedwa kwambiri lamira. Musatsike kwambiri pansi pa 1 bar pa limu wamba, tayala lingavuke pokhota, ndipo mukafika pa tala popaninso musanathamange, chifukwa tayala lofewa limatentha n'kuphulika.

Posankha, yang'ananinso nambala ya katundu imene imatsatira saizi. 112 ndiye kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 1,120, pamene 121 ndi 1,450. Lisatsike pansi pa limene linabwera ndi galimoto. Matayala olembedwa LT ali ndi khoma lolimba lopirira miyala ndi zitsa, koma amafuna mpweya wochulukirapo kuti asenze katundu yemweyo, choncho nambala ya pa chitseko siigwiranso ntchito ndendende. Ogula akaunjika awerenge manambala anayi omaliza otsatira zilembo DOT pambali pa tayala, amene amanena nthawi imene linapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Mano akhoza kuoneka atsopano labala itakalamba.

Gulani asanu, osati anayi. Sipeya yaing'ono pakati pa matayala aakulu imazunza difu, ndipo pa galimoto imene 4x4 yake imagwira nthawi zonse, monga Prado, imazunzanso difu ya pakati. Tsono sipeya ya 33 kawirikawiri imakwana mothina pansi pa pikapu, ya 35 nthawi zambiri sikwana n'komwe, ndipo ikapachikidwa pa chitseko cha kumbuyo imalemetsa mahinjesi. Jeke yakale ikhozanso kulephera kufika. Ganiziraninso za tsiku limene khoma la tayala lidzang'ambike muli kutali. Saizi zimene galimoto zambiri zimagwiritsa ntchito mukhoza kuzipeza pa boma kapena kubwereka kwa dalaivala mnzanu. Ya 315/75R16 mungaidikire kuchokera mumzinda, mwinanso ku Johannesburg.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. M'madera ambiri a Australia 4x4 imaloledwa kuwonjezera mamilimita 50 okha pa kutalika kwa tayala popanda chikalata cha injiniya. Ku Britain kusintha kulikonse kotere mumayenera kuuza a inshuwalansi. Kuno, musanadule chitsulo chilichonse, funsani a Road Traffic za COF, ndipo a inshuwalansi muwauze mwa kalata kuti pasadzakhale mkangano ngozi itachitika. Galimoto ikadali pa waranti, funsaninso kumene munaigula.

Kwa pikapu kapena Prado yogwira ntchito za tsiku ndi tsiku, ine ndinganene kuti kwerani sitepe imodzi: kuchoka pa 265/65R17 kupita pa 265/70R17, kapena kuchoka pa 265/70R16 kupita pa 265/75R16 ngakhale 235/85R16 ngati limu likulola. Kusiyana kwake n'kosakwana 4 peresenti, ndipo magiya ndi mabuleki amakupirira. Pa 33 konzekerani kudula pang'ono, mashoko abwino ndi alainimenti. Pa 35 werengerani madifu awiri, mabuleki, chonyamulira sipeya ndi zitsulo za chiwongolero musanagule tayala loyamba, chifukwa zimenezo pamodzi zikhoza kuposa mtengo wa matayalawo.

Saizi iliyonse imene mwasankha, pemphani kuti amange limodzi kutsogolo musanalipire onse asanu. Khotetsani mpaka pothera mbali zonse, poyenda kutsogolo ndi pobwerera m'mbuyo. Kenako kwezani wilo limodzi pa chulu kapena pa mtumbira kuti sipuling'i ifinyike, mukhotetsenso, munthu wina akuyang'ana kuchokera pambali. Aonetsetse paipi ya buleki ndi waya wa ABS, kuti tayala silikuzikhudza ndiponso kuti sizikukokeka wilo likalendewera. Onse akamangidwa, yendani makilomita 50 kufika 100, mumangenso manati, ndipo muunike ndi tochi mkati mwa madigadi: paliponse pomwe pulasitiki kapena penti yayera ndi pomwe tayala likufika.